Masitepe anayi a mzikiti watsopano: nanga oyenda pa chikuku alowera pati?

Kassimu (admin): Assalam alaikum nonse. Komiti ya zomanga yatumiza pulani ya mbali yatsopano ya mzikiti, ndaiika pamwambapo. Khonde likwera ndithu chifukwa cha madzi otsika m'phiri nthawi ya dzinja, kutsogolo kukhala masitepe anayi, malo a wudhu (kudziyeretsa ndi madzi Swala isanayambe) asamukira kuseri, amayi aziswalira m'mwamba. Amene ali ndi ndemanga anene pano Lachisanu lisanafike, osati kukang'ung'udzira pa okala maziko atathiridwa kale.

Rashidi: Wa alaikum salaam. Maashaallah, Bangwe yatukuka. Matailosi ake akhale osaterera basi.

Jafali Telala: Wa alaikum salaam warahmatullah. Akuluakulu, pulaniyo ndaiyang'ana bwinobwino. Ine ndi chikuku changa tilowera pati? Pa mzikiti wakalewu sitepe ndi imodzi, mnyamata mmodzi amapendeketsa chikuku n'kundikankha, zimatheka. Masitepe anayi ndiye kuti ndizinyamulidwa m'malere anthu akuonerera. Ndikufunsa mwaulemu, pojambula pulaniyi munakumbukira kuti tilipo?

Che Amidu: A Jafali mwana wanga, palibe wakuiwalani. Koma Chisilamu chinakupeputsirani kale. Munthu wolumala sakakamizidwa kubwera ku jamaa, Swala ya pagulu ija, Allah akudziwa mmene mulili, mukaswalira kunyumba malipiro anu sachepa. Ndalama tili nazo n'zowerengeka, simenti mukuidziwa mmene yakwerera.

Jafali Telala: Bambo, chilolezocho ndi changa, ndimachitenga pamene ndachifuna ine. Mvula ikagwa msewu wa kwathu uja n'kusanduka mtsinje, ndimaswalira m'nyumba mtima uli m'malo. Koma tsiku loti kunja kuli ngwee, thupi lili bwino, n'kulephera kulowa chifukwa cha zimene tamanga ndi manja athu, chimenecho sichilolezonso ayi.

Mwalimu Swaleyi: Ndilowepo. Zimene anena Che Amidu n'zoona, koma nkhaniyi sithera pamenepo. Pali ma hadith (nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki) awiri oyenera kuwerengedwa pamodzi.

Woyamba ndi wa Itban bin Malik, Swahaba wa ku Madina amene ankatsogolera anthu a mtundu wake pa Swala. Maso ake atayamba kufooka anakauza Mtumiki Muhammad (SAW) kuti mvula ikagwa chigwa cha pakati pa nyumba yake ndi mzikiti chimadzaza madzi, satha kuwoloka, choncho akupempha kuti Mtumiki abwere adzaswali m'nyumba mwake kuti malowo awasandutse poswalira pake. Mtumiki sanangoyankha kuti chabwino khala kwanu. Kutacha, dzuwa litakwera, ananyamuka ndi Abu Bakr mpaka kunyumbako, ndipo asanakhale n'komwe pansi anafunsa mwini nyumba kuti ukufuna ndiswalire pati. Itban analoza mbali ina ya nyumbayo, Mtumiki anaswali ma rakaa awiri iwo atandanda pambuyo pake. Oyandikana nawo atamva anadzaza nyumba, ndipo Mtumiki sanachoke asanadye chakudya chimene anamukonzera. Zili m'mabuku a hadith a Bukhari ndi Muslim. Ndiye ife amene timafulumira kunena kuti swalirani kunyumba, ndani wa ife anapitako ku nyumbako?

Wachiwiri uli mu Muslim, kuchokera kwa Abu Huraira. Munthu wosaona anadandaula kuti alibe womutsogolera ku mzikiti, apatsidwe chilolezo. Mtumiki anamulola, koma atatembenuka kuti azipita anamuitananso n'kumufunsa ngati amamva azana. Atavomera, anamuuza kuti ndiye aziyankha. Ma ulama anakambirana kwambiri mmene ma hadith awiriwa amagwirizanirana, ndipo ambiri amati chilolezo chilipo kwa amene zikumuvutadi, kungoti Mtumiki sanafune kuti munthuyo aphonye ubwino wa jamaa. Abdullah bin Mas'ud ananenanso kuti m'nthawi yawo munthu wodwala ankabwera naye atamugwirira anthu awiri, wina uku wina uku, mpaka kukamuimika pa swafu, mzere wa oswali.

Che Bwanali (msungichuma): Ndiye Mwalimu mwatiyankhira nokha. Ankamugwirira anthu awiri. Anyamata tili nawo ambirimbiri ongokhala pa pool. Rampu ya chiyaninso?

Rashidi: Che Bwanali mwatiponda dala apa 😂

Jafali Telala: Pa Ijumaa anyamatawo amapezekadi. Nanga pa Fajr? Kumakhala madala asanu ndi muazini, onse odandaula msana. Komanso kunyamula chikuku si kunyamula thumba la chimanga. Wina amagwira popondera mapazi, pomwe sipogwira, chitsulo n'kusololoka, iwe n'kupendekera kutsogolo manja ali m'malere kusowa pogwira. Kuwotcherera kwake ndimalipira ndine. Ndipo ndinene zoona, munthu wamkulu wa ana atatu, kudikirira pansi pa masitepe mpaka wina akumvere chisoni, iqama yoyambitsa Swala ikumveka m'katimo, zimawawa.

Mwalimu Swaleyi: Che Bwanali, ankamugwirira chifukwa miyendo yake inali yofooka, osati chifukwa cha khomo. Mzikiti wa Mtumiki unali wapansi, wa dothi ndi timiyala, mizati yake mitengo ya tende. Dimam bin Tha'laba analowa ndi ngamira yake n'kuigwaditsa m'mzikitimo, n'kuimanga, kenako n'kuyamba kufunsa mafunso ake. Zili mu Bukhari. Pomwe panadutsa ngamira chikuku sichikanakanika. Masitepe tikuwabweretsa ndife, pa zifukwa zomveka za madzi, ndiye vuto limene akudza nalo ndi lathu, si la a Jafali.

Che Bwanali (msungichuma): Chabwino, wakwera pa rampupo. Kenako? Matayala amenewo adutsa mumsika, adutsa m'ngalande zathu mukuzidziwazi, ndiye aponde kapeti yomwe anthu amagunditsapo mphumi? Najisi imeneyo, uve woononga Swala, aisenza ndani? Ine ndi zimene zimandivuta, sindibisa.

Mayi a Shakira: Assalam alaikum. Che Bwanali, nanga mapazi a anthu ovala mapatapata ochokera mumsika momwemo, amene amangovula pakhomo n'kulowa zidendene zili bii, amawayeza ndani?

Mwalimu Swaleyi: Funso la Che Bwanali ndi loyenera, ukhondo wa poswalira ndi sharti la Swala. Koma lamulo la fiqh ndi lakuti chinthu chimatengedwa kuti n'choyera mpaka utatsimikiza kuti pali najisi. Fumbi ndi matope si najisi. Mtumiki ankaswali atavala nsapato, Anas anachitira umboni zimenezi mu Bukhari ndi Muslim. Mu Abu Dawud muli hadith ya Abu Sa'id yakuti munthu akafika pa mzikiti ayang'ane nsapato zake, akaona uve azipukute n'kuswali nazo. Ngati nsapato imayera poipukuta, tayala liletsedwa ndi chiyani? Tiike kansanza ndi kandowa pakhomo, kapena mkeka wa pulasitiki kumapeto kwa swafu. Chosaloledwa ndi chimene ndinachionapo kwina, kuuza munthu kuti siyani chikuku panja mukwawe. Chikukucho ndiye miyendo yake.

Jafali Telala: Kansanzako ndimayenda nako kale m'thumba la kumbuyo kwa chikuku. Ndine telala, nsanza sizindisowa.

Koma poti mwatchula zokwawa, ndikuuzeni za malo a wudhu, chifukwa pa pulani sindikuona kuti kamangidwe kake kasintha. Pano kuti ndifike pa mpopi ndimatsika pa chikuku, chifukwa pali kakhoma kotchinga madzi. Ndimavala mapatapata kumanja n'kudzikoka pansi ponyowa, pomwe anthu angotsukirapo mapazi ndi kuminira. Ndikafika pa mpopi thalauza lanyowa mpaka m'chiuno. Ndapanga wudhu, koma kubwerera kwake ndi pansi pomwepo. N'chifukwa chake ndimapangiratu kunyumba, ndipo tsiku la Ijumaa sindimwa tiyi kuopa kuti wudhu ungaonongeke ndili kuno. Za kuchimbudzi ndiye ndisayambe n'komwe, chonjuta chija chitseko chake chikuku sichilowa.

Mayi a Shakira: Subhanallah. Zaka zonsezi ife osadziwa.

Idrissa Mmisiri: Ndiyankhe za ntchito yanga. Masitepe anayi a masentimita 15 ndi masentimita 60 kutalika kwa khonde. Muyezo wodziwika wa rampu ndi 1 pa 12, kutanthauza kuti pokwera sentimita imodzi uyende masentimita 12. Ndiye apa pafunika rampu ya mamita 7.2. Kutsogolo malo amenewo palibe, koma tikaiyendetsa m'mbali mwa khoma la kumpoto ikwana, ndi pomapumira pakati, ndi chitsulo chogwirira. Pansi pake tisasalaze ndi chipande, tikande ndi tsache simenti isanaume. Ndikupempheni chinthu chimodzi, musandiuze kuti ndifupikitse kuti tisunge simenti. Marampu ambiri m'tauni muno ndi otsetserekera ana, munthu wa chikuku sangakwere yekha, potsika ndiye ngozi yeniyeni. Zitseko zikhale masentimita 90. Ku wudhu mpopi umodzi ukhale wopanda kakhoma kutsogolo, wokwera pang'ono kuti maondo a munthu wokhala pa chikuku alowe pansi pake, ndi chimbudzi chimodzi chokhalira chokhala ndi zogwirira. Tikachita pano maziko asanathiridwe mtengo wake ndi wochepa. Kudzagumula pambuyo ndiye kudula.

A Jafali, chikuku chanucho m'lifupi ndi chotani?

Jafali Telala: Masentimita 68 kuyeza kunja kwa matayala. Tepi ili pakhosi pano.

Asiyatu: Assalam alaikum akuluakulu. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo, ndiye ndilankhule zimene ndimaona. Tikukamba ngati nkhaniyi ndi ya a Jafali okha chifukwa ndi amene alimba mtima kulankhula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Tiwerenge pa Ijumaa pathupa, kodi timawaona ochuluka choncho? Sitiwaona chifukwa ali m'nyumba. Amene amabwera kwa ife ambiri sanabadwe choncho: ngozi za kabaza, sitiroko chifukwa cha BP, odulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ena anavulala ndi Freddy mu March 2023 ku Chilobwe ndi ku Soche. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo ndi lamulo la dziko. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kunabwera Disability Act ya 2012, ndipo pano kuli lamulo latsopano la 2024 lomwe linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Nkhani yoti nyumba zofikamo anthu ambiri zizilowedwa ndi aliyense ili m'menemo. Komanso ife a ku Bangwe ndiye tisamachite ngati zachilendo, fakitale yoluka ya MACOHA ili pakhomo pathu pomwepa, takula tikuona anthu aulumali akupita ku ntchito m'mawa uliwonse.

Che Amidu: Mwana wanga, za boma zisatiopseze pano, mzikiti timamanga ndi zopereka za anthu osauka. Koma za Mwalimu ndazimva. Funso langa ndi ili: tikayamba rampu, mawa wina afuna ichi, wina icho. Malire ake ndi pati?

Mwalimu Swaleyi: Bambo, malire ake anaikidwa kale, Allah sakakamiza mzimu koposa mphamvu zake, ndime yomaliza ya Surah Al-Baqarah. Ndime imeneyo imateteza a Jafali, imatetezanso komiti. Chimene sitingathe sitifunsidwa. Koma pa pulani ndaona mnara ndi matailosi a khoma lakunja, ndiye kunena kuti sitingathe kukhala kovuta.

Ndikumbutse Surah Abasa, ya nambala 80, yomwe ana a madrasa amaloweza asanadziwe nkhani yake. Ku Makka Mtumiki anali pakati pokambirana ndi akuluakulu a Chikuraishi, akuyembekeza kuti akalowa Chisilamu iwo ambiri atsatira. Kunabwera Abdullah bin Umm Maktum, wosaona, akufuna kuphunzitsidwa. Mtumiki anachita tsinya n'kutembenukira kumbali. Taganizani, munthuyo tsinyalo sanalione n'komwe. Koma Allah analiona, ndipo ndime zinatsika zomudzudzula Mtumiki Wake wokondedwa, zomwe tikuwerenga mpaka lero m'Swala. Chifukwa chimene Mtumiki anali nacho chinali chomveka kuposa cha simenti, komabe sichinalandiridwe.

Chotsatira chake ndiye chimandigwira mtima. Ibn Umm Maktum sanangopepesedwa n'kukhazikidwa pakona. Ku Madina anakhala muazini pamodzi ndi Bilal. Mwezi wa Ramadhan Mtumiki anauza anthu kuti Bilal amachita azana kudakali usiku, choncho idyani ndi kumwa mpaka mumve Ibn Umm Maktum. Mzinda wonse unkasiya daku pa mawu a munthu wosaona, amene anthu ankachita kumuuza kuti kwacha, kwacha. Ndipo kangapo Mtumiki potuluka pa ulendo ankamusiya iyeyo kuti azitsogolera anthu Swala ku Madina.

Palinso ndime 95 ya Surah An-Nisa. Itatsika yonena kuti okhala pakhomo safanana ndi opita kunkhondo, Zaid bin Thabit akulemba, Ibn Umm Maktum anadandaula kuti akanakhala wotha akanapita. Zaid akuti nthawi yomweyo chivumbulutso chinatsika ntchafu ya Mtumiki ili pa ntchafu yake, inalemera mpaka anaopa kuti ithyoka, ndipo panaonjezeredwa mawu opatula amene ali ndi zovuta m'thupi. Munthu waulumali anadandaula, yankho linachokera kumwamba. Ife a Jafali akadandaula tisamaone ngati akuvuta.

Yusufu wa ku Joni: Salaam abale. Kuno ku Johannesburg mzikiti umene ndimaswaliko mipando ya pulasitiki imakhala m'mbali mwa khoma, aliyense wovutika amangotenga, palibe womuyang'ana kawiri. Amene anapitako ku Umrah anenanso, ku Haram anthu amazungulira Kaaba pa zikuku, alipo ndi owakankha. Pa rampupo ine ndiikapo matumba asanu a simenti, Che Bwanali munditumizire nambala kumbali.

Rashidi: Takbir! A ku Joni alankhula.

Che Bwanali (msungichuma): Allah akulipireni a Yusufu. Koma za mipandozo ndili ndi mawu. Mzikiti usasanduke tchalitchi. Ena ndimawaona pa mpando pa Swala, koma pa msika akuthamangira minibasi.

Asiyatu: Che Bwanali, alipo amene amayenda bwinobwino koma bondo silipindika, kapena anawaika chitsulo m'chiuno ndipo adokotala anawaletsa kukhala pansi. Ndi maso simungadziwe.

Mwalimu Swaleyi: Maziko ake ndi hadith ya Imran bin Husain mu Bukhari. Iye ankadwala mudzi, anafunsa Mtumiki, anauzidwa kuti swali chiimire, ukalephera chikhalire, ukalephera chogonera m'mbali. Taonani kuti matenda ake anali osaoneka ndi maso, ndipo Mtumiki sanamupemphe umboni. Lamulo lake ndi lakuti chimene ukutha uchite, chimene sukutha chakuchokera. Wotha kuima koma osatha sijida (kugunditsa mphumi pansi), ayambe chiimire, pofika pa sijida akhale pa mpando n'kuwerama, kuwerama kwa sijida kukhale kotsika kuposa kwa ruku. Wotha kugunditsa mphumi pansi asasiye sijida chifukwa choti mpando ulipo, pamenepo Che Bwanali akunena zoona. Koma woweruza ndi mwini thupi ndi Mbuye wake, osati ife oyang'ana cham'mbali tili pa Swala.

Chimodzimodzi wudhu. Wosatha yekha athandizidwe, Usama ndi Mughira anamuthirirapo madzi Mtumiki. Wodulidwa mkono atsuke mbali yotsala ya pamalo otsukidwapo. Pa bandeji kapena pulasitala apake dzanja lonyowa pamwamba. Amene madzi angamuvulaze kapena sangawafikire achite tayammum, kudziyeretsa ndi dothi m'malo mwa madzi. Amene mkodzo sautha kuugwira apange wudhu nthawi ya Swala ikakwana n'kuswali, ngakhale zituluke. Ambiri anasiya Swala chifukwa choganiza kuti ndi odetsedwa, palibe anawauza zimenezi.

Ndipo mipando isakhale kumbuyo kwenikweni ngati ya alendo. Munthu akafika msanga, swafu yoyamba ndi yake, mpando kapena chikuku chikhale kumapeto kwake kuti asatchinge a pambuyo.

Mayi a Shakira: Abambo mwakambirana zanu, tsopano timveni ife. Pulaniyi ikuti amayi m'mwamba. Masitepe ake angati a Idrissa?

Idrissa Mmisiri: Akhala pafupifupi 18 mayi.

Mayi a Shakira: Mwamva? Inu mukukangana anayi. Mayi anga chiwagwirereni sitiroko mwendo wakumanja amachita kukoka, koma Taraweeh, Swala ya usiku ya m'Ramadhan, salola kuphonya. Kuli agogo a ndodo, kuli oyembekezera. Kuli mayi wina, sinditchula dzina, mwana wake wa zaka 9 sakhala yekha, khosi silinalimbe, amachita kumubereka kulikonse. Akwere naye masitepe 18? Iyeyo ndiye anasiya kale kubwera, koma osati chifukwa cha masitepe. Ndi pakamwa pathu amayife. Wina anamuuza m'maso kuti bambo ake anamukhwimira mwanayu kuti geni iziyenda. Wina akuti ndi chilango, alape. Mwalimu, zimenezi muzinene pa mimbari, chifukwa rampu ingamangidwe koma munthu sabwera pomwe akumunena.

Mwalimu Swaleyi: Mayi, mwakhudza pamene pali bala. Kunena kuti mwana walumala chifukwa cha tchimo la makolo n'kutsutsana ndi Qur'an, yomwe ikubwereza m'malo angapo kuti palibe wosenza mtolo wa mnzake. Kumunamizira munthu kukhwima popanda umboni ndi bodza lalikulu lomwe adzaliyankha wonenayo. Surah Al-Hujurat ndime 11 ikuletsa kusekana ndi kuitanana maina onyoza, ndipo yotsatira yake ikuletsa kuganizirana zoipa ndi miseche. Abdullah bin Mas'ud atakwera mumtengo mphepo n'kuonetsa miyendo yake yowonda, anthu anaseka, Mtumiki anawauza kuti miyendo imeneyo pa sikelo ndi yolemera kuposa phiri la Uhud.

Ata bin Abi Rabah, mufti wa ku Makka m'nthawi ya ma Tabi'un, olemba mbiri amati anali wakuda ngati ife, wotsimphina, wopuwala dzanja, ndipo kumapeto anasiya kuona. Anthu ankachoka kutali kudzamufunsa malamulo a Hajj. Ndi iyeyo amene Ibn Abbas anamuonetsa mayi wakuda wodwala khunyu n'kumuuza kuti uyu ndi wa ku Jannah. Mayiyo anasankha kupirira, koma anapempha chinthu chimodzi, kuti Mtumiki amupempherere asamavuke akagwa, ndipo anamupempherera. Sanauzidwe kuti kupirira ndiye kusiya kusamala za ulemu wake.

Surah An-Nur ndime 61 ikuti palibe vuto pa wosaona, wotsimphina ndi wodwala, ndipo ikupitiriza ndi nkhani ya kudya m'nyumba za abale, pamodzi kapena payekhapayekha. Omasulira ena amati inatsika chifukwa anthu ankapewa kudyera limodzi ndi anthu oterowo. Ndiye pa sadaka ndi pa ukwati, amene amapatsidwa mbale yakeyake kuseri kwa nyumba uja, tidziwe kuti Qur'an inalankhulapo.

Jafali Telala: Poti tafika pa za pakamwa, ndionjezere china. Ndikaima pa geti Lachisanu kudikirira mwana wanga, sipalephera mlendo wondifumbatitsa ndalama m'manja osandipatsa n'komwe salaam. Ine ndili ndi mashini awiri ndi wophunzira ntchito, mayunifolomu a ana a madrasa ndimasoka ndine, pa chopereka cha zomangachi dzina langa lilipo. Alipo anzathu amene amapemphadi pa getipo, ndipo ambiri mwa iwo khutuba amaimvera panja, Swala ikatha ndi pomwe timawaona. Anawafunsapo ndani ngati akufuna kulowa?

Che Bwanali (msungichuma): Dzina lawo lilipodi, ndipo salumphitsa mwezi. Mwalimu, nanga sitingatenge za Zakaat kumangira rampuyo? Si ndi za anthu ovutika omwewo?

Mwalimu Swaleyi: Ayi. Magulu olandira Zakaat ndi asanu ndi atatu, Surah At-Tawbah ndime 60, ndipo ma ulama ambiri amati kumanga mzikiti sikulowamo. Rampu ndi mbali ya mzikiti, ituluke m'thumba lomwe mukutuluka mnara. Komanso ulumali pawokha suli pa magulu amenewo, chimene chilipo ndi umphawi. Wolumala wopeza bwino amapereka Zakaat, salandira. Koma wosauka amene akusowa chikuku, ndodo zoyendera kapena thiransipoti yopitira ku mafizo ku Kachere, ameneyo Zakaat ndi yake ndithu. Kale zinthuzi zinali pa mapewa a atsogoleri: Khalifa Al-Walid bin Abdul Malik, amene analamulira kuchokera ku Damascus pakati pa 705 ndi 715, olemba mbiri amati anaika wothandiza pa munthu aliyense wosatha kuyenda ndi womutsogolera pa wosaona aliyense, n'kuwapatsa ndalama kuti asapemphe.

Rashidi: Chinanso chosalira ndalama ndi nsapato za pakhomo. Madala osaona aja amabwera ndi ndodo yoyera amachita kusambira m'nsapato, tsiku lina anatsala pang'ono kugwa. Mashelefu alipo koma anthu amangovula pomwe afikira. Ife anyamata titenge imeneyo, Ijumaa iliyonse awiri aziima pakhomo.

Mwalimu Swaleyi: Kuchotsa chopunthwitsa panjira ndi nthambi ya Imani, ili mu Muslim. Mwayamba bwino.

Idrissa Mmisiri: Za amayi, rampu yofika m'mwamba iwalani, ingafune mamita oposa 30. Chotheka ndi kudula chipinda cha pansi chomwe pa pulani chalembedwa kuti sitolo, chikhale cha amayi osatha kukwera, ndi khomo lake lotulukira pa rampu yomweyo ndi sipika. Katundu akakhale pansi pa masitepe.

Che Amidu: Sitoloyo tinaiika kuti tizisungamo jeneza ndi mateti. Musafulumire kugawa zipinda pa foni. Rampu ndaimva, ndikaikamba ku komiti. Za mnara sindikulonjeza, anthu anapereka ndalama atauzidwa kuti mnara ukhalapo, ndipo chopereka cha munthu sungachisinthe osamufunsa.

Mwalimu Swaleyi: Pamenepo mwanena zoona Bambo, afunsidwe. Ndidzapempha Shehe kuti tilengeze pambuyo pa Swala ya Ijumaa.

Asiyatu: Ndisaiwale osamva. Pali anyamata awiri amabwera Ijumaa iliyonse, amakhala khutuba yonse kungoyang'ana milomo ya Shehe. Womasulira chinenero chamanja angaloledwe nthawi ya khutuba, poti kulankhula n'koletsedwa?

Mwalimu Swaleyi: Choletsedwa ndi kucheza ndi kusokoneza, mpaka kuuza mnzako kuti khala chete. Womasulira sakucheza, akufikitsa khutuba yomweyo kwa amene sinawafike, ndipo ma ulama ambiri a masiku ano amaloleza, m'maiko ena zikuchitika kale. Akhale mbali imodzi pamodzi ndi anyamatawo. Vuto ndi kupeza munthu wodziwa manja amenenso akudziwa mawu a Deen.

Asiyatu: Ndikafunsa ku MANAD, bungwe la anthu osamva, ngati angatiphunzitsire munthu wathu. Pakadali pano Shehe atamalemba mitu ya khutuba pa pepala n'kuwapatsa, onse awiri amawerenga.

Kassimu (admin): Komiti ikumana Lachinayi ikatha Isha. A Idrissa mubwere ndi pulani yokonzedwa ndi mtengo wake, a Jafali mukhalepo.

Mayi a Shakira: Nanga amayi?

Che Amidu: Bwerani awiri. Koma nkhani ya sitolo sinathe.

Mayi a Shakira: Tibwera atatu, wachitatu ndi Asiyatu. Jeneza likhoza kugona pansi pa masitepe, silidandaula.

Che Bwanali (msungichuma): A Yusufu nambala ndatumiza, muone kumbali.